Kamnofu ka Amayi pa Thandala

Adokotala atandipatsa botolo lija, ndinakhumudwa ndi kuchepa kwake. Linali ngati la mankhwala a chifuwa a ana, ndipo pansi pake, m'madzi oyera mbee, panali kamnofu kosaposa njere ya nzama. Amayi anali atagona m'chipatala masiku awiri, atavula pamaso pa anthu achilendo, atadulidwa pa bere lakumanzere pomwe panali chotupa, zonsezo kuti papezeke kanthu kameneka.

"Kamnofu aka kapite ku labu ku Blantyre," anatero adokotala. "Akakadula mopyapyala n'kukaika pa makina okulitsa zinthu. Iwowo ndi amene angatiuze ngati chotupachi ndi khansa kapena ayi. Mukapita nako nokha zifulumira. Musatsegule, musapendeketse. Madziwa ndi mankhwala oletsa kuwola."

Anamata chivindikiro ndi pulasitala n'kundipatsa chikalata, pamwamba pake atalembapo nambala ya foni. Linali Lachisanu masana, mwezi wa Okutobala, ndipo kulabuko ankatsegula Lolemba. Ndinaganiza zoyamba ndaperekeza amayi kwathu kunyanja ya Chiuta. Ine ndimakhala ku Balaka komwe ndimasoka zovala, ndipo poti m'banja mwathu ndine ndekha ndinafika kusekondale, chilichonse chobwera ndi pepala chimagwera ine. Kunena zoona, ndinkanyada nazo zimenezo.

Tili pa Nselema, tikudikira njinga zamoto za kabaza, amayi anandikoka chitenje.

"Tanditsegulira ndione chimene chikundidya."

"Iyayi mama, adokotala akana."

"Mnofuwo ndi wa adokotala kapena wanga?"

Amayi sankagonja pa mkangano, ndipo pakamwa panga ndinatengera iwowo. Botololo linali lokutidwa ndi pepala la dzina lawo, moti kamnofuko sikankaoneka bwino. Ndinamatula pulasitala uja n'kutsegula. Fungo lake linatilowa m'mphuno mpaka misozi. Amayi anasuzumira, kenako anaseka.

"Kameneka basi? Ndiye mwandivutitsiranji?"

Ndinatseka, koma pulasitala anali atagwira fumbi, osamatanso. Ndinaimika botolo pakati pa zitenje m'chikwama, n'kudziuza kuti zili bwino. Amene anayendapo msewu wochoka pa Nselema kupita kunyanja amadziwa mmene njinga imadumphira. Pofika kunyumba chitenje chimodzi chinali chonyowa, chikwama chonse chikununkha, botolo litagona cham'mbali. Kamnofu kaja kanali katakakamira pakhoma la botolo, madzi onse atatha. Ndinangokhala pansi pakhonde.

Bambo anga ntchito yawo ndi nsomba kuyambira ndisanabadwe. Amagula makumba ndi milamba kwa asodzi a mabwato, kuzing'amba, kuzithira mchere, n'kuziyanika pa thandala, tebulo lalitali la bango limene lili kuseri kwa nyumba yathu. Chimene amadzitama nacho n'chimodzi: nsomba yawo siwola. Ogula ochokera kutali amadutsa mathandala a ena n'kubwera kwa iwo.

Anatenga botolo, analiyang'anitsitsa padzuwa, n'kupukusa mutu.

"Ndi kutentha kumeneku, kufika Lolemba kawola aka."

"Tithiremo madzi a pamjigo, baba."

"Madzi ndi amene amawoletsa, mwanangu. Mnofu ndi mnofu. Tandipatsa kuno."

Nambala ya foni ija inali m'chikwama momwemo. Sindinaimbe. Ndakhala ndikufuna chifukwa chabwino chofotokozera zimenezi, koma palibe. Ndinkachita manyazi kuti ndikauze adokotala kuti ine, wa sukulu, ndatsegula chimene anandiletsa. Ndinkaopa kukalipiridwa ngati mwana. Komanso mawu a bambo anandigwira mtima, chifukwa pa nkhani yoletsa kuwola ndinali ndisanawaonepo atalephera. Safunsa adadya phula, ndipo phula langa ndinalidya maso ali gwa.

Bambo anasamba m'manja ngati akupita kukaswali kumzikiti. Anatsegula mchere watsopano, anatsuka kambale ka kapu, n'kuika kamnofuko pakati. Anakaika kumapeto kwa thandala, kutali ndi nsomba, n'kukavindikira ndi chidutswa cha neti ya udzudzu kuti ntchentche zisatere. Loweruka lonse sanapite kudoko. Anakhala pampando pomwepo ndi kamtengo, kuthamangitsa nkhuku, kusuntha kambaleko dzuwa likasuntha. Munthu wina wodutsa anawafunsa ngati ayamba kuyanika nsomba imodziimodzi. Sindinawaonepo akuwauza amayi mawu achikondi, koma tsiku limenelo ndinaona.

Lamulungu masana kamnofu kanali kouma gwa, kakuda, kochepa ngati nandolo. Anakabwezera m'botolo n'kutseka mwamphamvu. Ndinakagona ku Balaka, ndipo Lolemba m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Blantyre.

Pawindo la kulabu panali bambo wina wa imvi, wovala chovala choyera. Anawerenga chikalata, anatukula botolo, kenako analigwedeza. Kanthu kaja kanalira ngati kamwala.

"Mayi, mankhwala a m'botolomu ali kuti?"

Ndinali nditakonzekera kukangana naye, mawu ali kale kukhosi. Koma anafunsa mofatsa, ndiye ndinangoulula zonse: za pa Nselema, za njinga, za mchere. Sanaseke, sanakalipe. Anavula magalasi n'kupukuta maso.

"Ife timayang'ana tizigawo ting'onoting'ono ta mnofu, mmene tinakhalira m'thupi," anatero. "Mankhwala aja amatisunga momwemo. Mchere ndi dzuwa zimatifinya, timakwinyika, osazindikirikanso. Mukanaimba foni, chipatala chilichonse chapafupi chikanakuthandizani. Tiyesa kukanyika, koma musayembekezere zambiri."

Ndisanafike n'komwe pokwerera minibasi, bambo anga anaimba pa foni ya mnansi wawo.

"Alandira?"

"Alandira, baba."

Ndinanena zoona, koma zoona zake zinali zoperewera. Mumtima ndinkati mwina ayesa n'kutheka, ndiye ndiwapwetekerenji mtima nkhalamba imene inakhala padzuwa tsiku lonse.

Ndinadikira milungu isanu ndi umodzi. Ndinkasoka mokhota, kusoka n'kuphwasula, mpaka mayi wina anandilanda nsalu yake n'kupita nayo kwa telala wina. Adokotala atandiitana, pepala lochokera kulabu linali ndi mizere iwiri yokha: kamnofu kanaonongeka, sikakuwerengeka, adulenso kena.

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kumeneku kumandiwawa koposa koyamba kuja. Nditafika ku Chiuta, bambo anandifunsa chifukwa chake akufuna kudulanso. Ndinayang'ana nkhope yawo n'kunena kuti makina a kulabu analephera kuona bwino.

"Analephera!" anakalipa. "Tinawapatsa chinthu chosamalika, chopanda ngakhale ntchentche imodzi, iwo n'kulephera?"

Amayi nawo anati, "Ngati alephera koyamba, kachiwiri aona ndi maso ati? Akufuna azindidula pang'onopang'ono mpaka ndithe? Iyayi, mvula yagwa, ine ndikukadzala mpunga."

Ndinawachonderera, ndinawakalipira, ndinalira. Ndinafika powauza kuti ndi anthu osamva, ouma mitu. Koma mawu amodzi okha amene akanawasintha maganizo, akuti labu sinalakwe, tinalakwa ndife, sindinawatulutse. Ndikanawatulutsa, bambo akanadziwa chimene manja awo anachita. Ndinasankha kuteteza bambo, ndipo mwina ndinkadzitetezanso ndekha.

Amayi anavomera kubwerera kuchipatala mvula ikupita kumapeto, chotupa chitaphulika n'kukhala chilonda. Ulendo uno botolo ndinalinyamula m'manja, choimika, kuchoka pakhomo la chipatala mpaka pawindo lija, osaliika pansi ngakhale pa Liwonde pamene apolisi anatitsitsa mu minibasi. Bambo wa imvi uja anandizindikira, n'kulandira botolo. Zotsatira zinabwera msanga, zomveka bwino. Inali khansa, ndipo adokotala atawapima anapeza kuti yafalikira kukhwapa ndi m'chifuwa.

Ndinawafunsa adokotala ngati miyezi inatayika ija ikanasintha zinthu.

"Palibe amene angakuuzeni motsimikiza," anatero. "Mwina inde, mwina ayi."

Anthu amaganiza kuti yankho lotere limatonthoza. Ine limandidya. Akanati ayi ndikanapuma, akanati inde ndikanadziwa kukula kwa mlandu wanga.

Amayi anatisiya m'nyengo yozizira, mpunga wawo titakolola ndife. Tsiku lotsatira sadaka ya maliro, anthu atabalalika, ndinapeza bambo kuseri kwa nyumba akutembenuza makumba pa thandala. Anali atawonda, malaya akungolendewera. Ndinapita ndi mtima wofuna kuulula, chifukwa ndinali nditatopa kusenza ndekha. Ndinaima pafupi nawo n'kuyamba kuwathandiza kutembenuza.

Anayamba ndi iwo kulankhula, osandiyang'ana.

"Ndimangodzifunsa, mwanangu. Anzanga akazi awo akadwala amawagulira izi ndi izi. Ine sukulu sindinapite, Chizungu cha madokotala sindimva. Chimene ndinawachitira amako n'chimodzi chokha chija." Analoza ndi chibwano kumapeto kwa thandala, pamene panakhala kambale kaja. "Undiuze zoona. Pamene unkafika nako kuja, kanali katawola?"

Manja awo anali atasiya nsomba, akundidikira.

"Sikanawole, baba."

"Alhamdulillah," anatero moyamika Mulungu, n'kupitiriza kutembenuza.

Papita zaka zinayi. Bambo akadali moyo, akuyanikabe nsomba, ndipo mlendo akafika amamufotokozera mmene anasungira mnofu wa akazi awo masiku awiri osawola. Ine ndimakhala pomwepo, n'kumavomereza ndi mutu.