Tsiku limene Amayi anayanika kamera ya nyenyezi

Kwathu ku Area 25 kunali lamulo limene ngakhale mphaka ankalidziwa: kamera ya Abambo isaone kuwala. Abambo ankaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo mphunzitsi mnzawo wakunja, pobwerera kwawo, anawasiyira chipangizo choonera nyenyezi, chonga mtondo wautali pamiyendo itatu, ndi kakamera komangirira kumbuyo kwake. Kakamerako kankajambula ndi nyenyezi zosaoneka ndi maso zomwe, koma dzuwa likangowala m'kati mwake, kapsa basi. Chivundikiro ankachotsa mdima utagwa, babu la pakhonde atazimitsa. Ana tinkaonera patali. Amayi ankangouzidwa kuti, "Chonde, Mayi, musakhudze."

Chaka china kunabwera nyenyezi ya mchira. Abambo anati siidzabweranso ife tili moyo, ndipo analonjeza ana a sukulu chithunzi. Koma mitambo ya mvula inakana kuchoka, mpaka munthu wamkulu anayamba kudya mosakoma.

Amayi nawo anali ndi lawo lamulo: chilichonse chonunkha chinyezi chipite padzuwa. Loweruka lina kunacha bwino, Abambo ali kumsonkhano wa akulu a mpingo, ife tili kuchigayo. Amayi anatulutsa matiresi, mabulangete, nsapato, ndi Baibulo lomwe.

Tinafika limodzi ndi Abambo. Chipangizo chija chinali chitaima pakati pa matiresi, chitayang'ana kumwamba, chivundikiro chake chitachapidwa, chili pachingwe ndi pegi.

"Chinayamba chuku," anatero Amayi monyadira. "Ndachipukuta bwinobwino."

Abambo anakhala pa ndowa yovundikira, navula chipewa. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinaopa kuti lero m'nyumba muno muyaka moto. Sanakalipe. Anangoti, "Chayeradi."

Madzulo kumwamba kunalibe kamtambo ngakhale kamodzi. Abambo anayesa kamera ija, koma inangoonetsa mdima wokhawokha. Amayi ataona nkhope yawo anamvetsa, nayamba kulira mwakachetechete pakhomo la khitchini.

Abambo anamasula kamerayo, naikapo kagalasi koonera ndi diso, nalozetsa chipangizocho ku nyenyezi ya mchira ija.

"Bwerani, Mayi. Chithunzi palibe, ndiye muone nokha."

"Ndikhudze?"

"Khudzani."

Amayi anapukuta manja pachitenje, nawerama. Anakhala choncho nthawi yaitali, ife tikukankhana kumbuyo kwawo, udzudzu ukutimaliza. Kenako, diso likadali pagalasi, anafunsa motsitsa mawu:

"Abambo, zaka zonsezi mwakhala mukuona nokha zimenezi?"