Maluwa a Kuseri kwa Bafa

Sukulu ndinalekezera sitandade 5, nditaponya sileti pakhoma. Mtima wanga ndi wapachala chibadwire. Ntchito yoyamba ndinaipeza cha ku Mvera, yothirira maluwa pakhomo pa mayi wina wachizungu. Pobwerera kwawo anandisiyira bokosi la machesi lodzaza timbewu takuda, tophwatalala ngati nsikidzi. Anati dzina lake ndi fulakisi, maluwa ake ndi a buluu, ndipo ukafesa kamodzi amaphukira okha chaka ndi chaka. Malangizo anali ochepa: osakwirira, kungowaza pamwamba pa dothi n'kutsindira ndi dzanja, manyowa ayi, madzi pang'ono, kuokera ayi.

Chaka chotsatira ndinakwatira ku Ntchisi n'kukakhala pachikamwini, bokosi lija lili m'thumba. Nyumba yathu inayandikana ndi ya apongozi anga aakazi. Mwa mwambo sitinkalankhulana, sitinkayang'anana. Tikakumana panjira, wina ankapatukira m'tchire. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga, ndipo ankafika atachapidwa.

Apongoziwo ankakonda pabwalo poyera mbee. M'mawa uliwonse ankasesa pakhomo pawo n'kupitirira mpaka pathu. Kwa iwo chomera chosadyedwa chinali udzu.

Mvula yoyamba itagwa ndinawaza mbewu m'mbali mwa khonde. Ndili kumunda, tsache linadutsa. Mbewu yosakwirira ndi tsache sizigwirizana. Ndinawazanso, n'kuzunguliza miyala. Zinamera, timitengo tating'ono ta masamba ngati singano. Apongozi anachotsa miyala, kupalira ndi khasu, n'kubwezera miyala ija mwadongosolo kuposa m'mene ndinaiikira ine.

Nditafika n'kuona, mutu unatentha. Akanakhala munthu wina bwenzi mudzi wonse utasonkhana. Koma apongozi sungawakalipire, kuwayang'ana n'komwe sungathe. Ndinamenya chibakera mtengo wa mango. Mtengowo sunamve kanthu.

"Kawauze amayi ako kuti khasu lawo lilibe maso!" ndinauza mkazi wanga.

Anapita, ine ndikumvetsera kuseri kwa nyumba. Ndinamumva akuti, "Amayi, apongozi anu akuthokoza kupalira kuja, koma ati paja panali mbewu."

Anabwerako. "Akufunsa kuti ndi ndiwo zanji."

"Si ndiwo."

"Ndiye afunsa kuti ndi mankhwala a chiyani."

"Si mankhwala. Ndi maluwa, ongoyang'ana basi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Zimenezo mukanene nokha, bambo," anatero, akudziwa bwino kuti sindingathe.

M'bokosi munatsala mbewu zongotsina kamodzi. Zikanapitanso ndi khasu zimenezi, kunalibe kokatenga zina, mwini wake anali kutsidya kwa nyanja.

Poyamba ndinaganiza zomakhala pampando pamenepo m'mawa uliwonse, popeza ine ndilipo apongozi sakanayandikira. Koma mkamwini wopezeka pakhonde dzuwa litatuluka sachedwa kulongedzeredwa katundu. Kenaka ndinazindikira kuti pakhomo panali malo amodzi pomwe tsache lawo silinkafika: kubafa kwathu. Mayi sayandikira kumene mkamwini wake amavulira. Udzu unkamera kumeneko popanda woufunsa.

Ndinawaza mbewu zija kumtunda kwa bafa, pa dothi la nsangalabwi pomwe madzi a sopo sadutsa. Pofuna kutsimikiza, ndinayanika kabudula wanga wakale pa mpanda wa bafalo. Anakhala pamenepo mvula ndi dzuwa mpaka anasuluka.

Chaka choyamba panangotuluka masamba. Mkazi wanga ankati mudzi wonse ndine ndekha wolima udzu wokhala ndi mlonda. Mvula ina itabwera, tsiku lina m'mawa ndikupita kukasamba ndinapeza buluu yekhayekha, timaluwa tikugwedera pa timitengo toonda ngati waya. Ndinaima pomwepo ndi ndowa m'manja mpaka madzi anazizira. Pofika masana tonse tinali titayoyoka. M'mawa mwake tinatuluka tina. Ndiye khalidwe lake limenelo.

Mphepo ya m'mapiri muja inkauluzira toyoyokato pabwalo, apongozi n'kumatisesa. Patapita masiku, mkazi wanga anabwera ndi uthenga.

"Amayi akufunsa kuti tabuluuti tikuchokera kuti."

"Iwe ukudziwa kumene tikuchokera."

"Iwonso akudziwa. Vuto ndi kabudula wanuyo."

M'mawa mwake ndinaanula kabudula uja. Ndinaika khadi la chipani m'thumba, poti popanda limenelo mumsika sunkalowa, kukwera njinga, n'kulengeza mokweza kuti apongozi amve, nkhope nditalozetsa kunkhokwe, kuti ndikupita ku Mponela ndipo ndibwera dzuwa litapendeka. Chokagula ndinalibe. Njira yonse, chitunda ndi chitsetso, ndinkangoganiza za khasu lija.

Nditabwera ndinagwetsa njinga pabwalo n'kuthamangira kubafa. Timitengo tija tinalipo tonse. M'mbali munali mopalira bwino, miyala itandandalikidwa mwa dongosolo lomwe ndinalizindikira.

"Ati chiyani?" ndinafunsa mkazi wanga.

"Ati ndi okongola." Kenaka anawonjezera kuti, "Athyolako masamba pang'ono kuti akayese ndi nsinjiro. Ati mwina mzunguyo sankadziwa kuphika."

Apongozi sanadzathyolenso kachiwiri. Kabudula uja mkazi wanga anadula zigamba.