Tsiku Limene Ndinakana Kuvula Jekete

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 3, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma pa nkhani ya magazini a ndale, mu Blantyre muno palibe angandiphunzitse. Ndinawagulitsa zaka zambirimbiri pakhonde la sitolo ina m'tauni, nditawayala pa saka. Anali akale, owerengedwa kale. Ndinkawapeza kwa makhukhi ndi anyamata a m'maluwa ogwira ntchito kwa azungu ku Namiwawa ndi ku Sunnyside. Bwana akataya, iwo ankandisungira.

Chingerezi cha m'katimo sindinkachimva. Mutu wa nkhani wokha ndinkauwerenga, chala chili pa chilembo. Amene anandiphunzitsa ndi makasitomala anga awiri. Oyamba anali aphunzitsi a ku sekondale, ankafuna magazini a mapepala okhakhala ochokera ku Mangalande. Ankati amenewo ndi a mbali ya anthu apantchito, amafuna boma ligawe chuma, chipatala ndi sukulu zikhale zaulere. Enawo anali akalaliki a kubanki, tayi pakhosi ngakhale mu Okutobala. Iwo ankagula onyezimira a ku Amereka, onena kuti boma lichoke panjira, munthu achite malonda, wolimbikira alemere.

Awiriwa akakumana pa saka yanga ndinkaleka kuitanira malonda.

"Akalaliki, mwabweranso kudzagula baibulo la mabwana anu?"

"Eya aphunzitsi. Inu mukadali kugawa ng'ombe za eni ake, pomwe kwanu kulibe ngakhale nkhuku?"

Ine pakati, kuseka mpaka alonda a sitolo kundiuza kuti nditsitse mawu. Mawu anga satsika, ndinabadwa nawo choncho.

Pakumvetsera anthu awiriwa ndinaphunzira chinthu chimene iwo eni ake sankachiona, chifukwa maso awo ankathamangira zilembo. Ine ndinkawerenga zithunzi. Mtsogoleri mmodzi yemweyo, mwezi umodzi womwewo: magazini yomukonda imamujambula kuchokera pansi, aoneke wamtali, akumwetulira, dzanja lili m'mwamba. Yodana naye imadikira atsegule pakamwa, diso limodzi litatsinzina, ngati munthu wochokera ku kachasu. Ndinkatha kutenga magazini ya ku Joni, ya ku Indiya, ngakhale ya chilankhulo chosadziwika, n'kunena kuti iyi yatsamira uku. Aphunzitsi ankayesa kundikola, osatheka.

Chimene chinkandiwawa ndi zithunzi zathu ife anthu akuda. Magazini ya aphunzitsi inkaika mwana wa mimba yotupa n'kunena kuti mayiko olemera akutibera. Ya akalaliki inkaika mwana ngati yemweyo n'kunena kuti atsogoleri athu ndi akuba. Mwina onse ankanena zoona. Koma mwanayo palibe ankamufunsa, ndipo ntchentche zake zinali zomwezo. Ndinkauza aliyense pakhonde paja kuti ine, nkhope yanga iyi, sidzakhala ndiwo ya mkangano wa anthu ena.

Ndi magazini omwewo ndinamanga nyumba ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Njerwa zowotcha, zipinda zitatu, malata atsopano osati ogula kwa munthu. Mayi a kunyumba anamwalirira m'nyumba imeneyo. Nditakalamba, mwana wanga wamkazi wachisamba, amene ukwati wake unatha, anabwera kudzandisamala. Amagulitsa tomato.

Kenaka kunabwera namondwe wa Freddy. Za tsikulo sindilemba zambiri. Phiri linatsika ndi matope ndi miyala yaikulu ngati minibasi. Ife tinapulumuka. Nyumba inapita yonse. Chimene ndinatuluka nacho ndi jekete yakuda imene ndinali nditavala chifukwa cha kuzizira, jekete yanga ya kutchalitchi.

Tinkagona m'kalasi pa sukulu ina, anthu mbwee. Tsiku lina m'mawa kunafika mayi wachizungu wa kamera, ali ndi bambo wina Mmalawi womumasulira. Anapempha anthu oti akawaonetse pamene panali nyumba zawo. Ine ndi mwana wanga tinapita nawo, pamodzi ndi mayi wina woyandikana nafe nyumba amene amuna ake anakokoloka.

Titafika pamalo panga panali mwala ndi chidutswa cha simenti ya pakhonde basi. Mzungu analankhula, womasulira nati:

"Madala, akuti muvule jeketeyo, mukhale pamwala apo. Mukhozanso kugwira tsaya."

Ndinamuyang'ana. "Achimwene, afunseni kaye. Magazini yawo ndi ya mbali iti?"

Anafunsana. Mzungu anamwetulira mwaulemu ndithu.

"Akuti alibe mbali. Iwo amangojambula, zithunzi amagulitsa kwa amene wafuna."

Ndinaseka mpaka anthu okumba matope kumtunda anatembenuka. "Alibe mbali! Nanga jekete yanga yawalakwira chiyani? Ikubisa phiri?"

"Akuti mukuoneka ngati munthu woti zinthu zili bwino. Anthu akunja sakhudzidwa."

Apa mwana wanga anandikoka dzanja, nalankhula motsitsa. "Bambo, vulani. Ndi kanthawi kochepa. Anthu akaona chithunzi amatumiza malata. Tikagona kuti ife?"

Ndinamva bwinobwino zimene ananena. Sindinganame kuti sindinamve. Koma ndinaona tsamba lija m'maso mwanga: nkhalamba ya malaya ong'ambika, nthiti panja, dzanja patsaya, ndipo pansi pake mawu a munthu amene sanapondepo ku Chilobwe. Ndinamanga mabatani onse atatu.

"Auzeni ajambule chonchi. Nditaimirira. Pano panali nyumba ya munthu, osati ya wopemphapempha."

Mzungu anajambula kamodzi, kongondisangalatsa. Ine kamera ndimaidziwa ikakhala ndi njala ndi pamene yakhuta. Kenaka anatembenukira kwa mayi uja. Iye sanachite kuuzidwa kanthu. Anali atakhala kale m'matope pamene panali khomo lake, chitenje chili kumutu. Kamera inalira kambirimbiri.

Patapita miyezi, aphunzitsi aja, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anandifunafuna mpaka kundipeza. Anandionetsa pafoni. Chithunzi cha mayi uja chinatuluka m'magazini awiri akunja. Ina inati taonani zimene utsi wa mafakitale a mayiko olemera wachita kwa osauka. Inzake inati taonani zimene zimachitika akuluakulu akamalola anthu kumanga m'mapiri chifukwa cha ziphuphu. Ndinamenya ntchafu. "Sindinanene ine? Sindinanene?"

Ndinanenadi zoona. Koma bungwe lina linabwera kudzafunsa za mayi a pachithunzi, ndipo lero ali m'nyumba ya malata kumalo atsopano. Sindiwachitira nsanje, anataya zambiri kuposa ine. Ife tili ku Bangwe, m'chipinda chimodzi cha lendi. Pakati tinapachika nsalu, uku bambo, uku mwana wamkazi wamkulu, chinthu chosayenera pa mwambo wathu. Mwina ndikanavula, malata sakanabwerabe. Anthu ambiri anajambulidwa akulira ndipo sanalandire kanthu. Ndimadziuza zimenezi. Koma mwina akanabwera.

Mwana wanga sananditonzepo ndi pakamwa. Kungoti mvula ikamadontha, beseni amalikoka mwamphamvu kuposa mmene lifunikira.

Ndakhala ndikuganiza. Zaka zonse zija ndinkanyoza magazini kuti amatenga nkhope ya munthu n'kuigwiritsa ntchito osamufunsa. Nanga ine pamwala paja, ndinamufunsa ndani? Ulemu unali wanga, koma denga linali la anthu awiri.

Sabata yatha m'mawa, mwana wanga akusanja tomato m'dengu kuti apite kumsika, ndinakhosomola n'kunena, koyamba m'moyo wanga motsitsa mawu:

"Mayi, akadzabweranso a kamera aja, ndidzavula."

Sanadzutse mutu msanga. Anaika tomato wina, n'kuika winanso.

"Sabweranso, bambo. Panopa kukugwa zina kwina."

Anasenza dengu. Pakhomo anaima, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mangani batani lapamwambalo. Kukuzizira."