Fulashi ya a Jamila

Chaka cha njala ya 2016, a Jamila Mailosi anatseka kashopu kawo kokonzera makompyuta pa Balaka, chifukwa maganizo a aliyense anali pa chimanga. M'malo mokhala manja lende, anayamba kukwera sitima kukasaka ntchito, atamangirira fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pa kompyuta, pansonga ya chitenje. Mu fulashimo munali pulogalamu yogawira disiki, yomwe ankangoilumikiza pa kompyuta iliyonse n'kuyamba ntchito pomwepo.

Ku Nayuchi anapeza a Shukuru, bambo woika nyimbo m'mafoni a anthu, atagwira tsaya. Munda wawo unali utapsa ndi dzuwa, ndipo kompyuta yomwe inkadyetsa banja inkangozima.

"Yafa basi, eti?" anafunsa a Shukuru.

"Iyayi, yadwala mbali imodzi," anayankha a Jamila ataiunika kompyutayo. "Disikiyi tiigawa ngati munda. Kowonongekako tikusiya, tilime kwabwinoku."

Anayamba apulumutsa nyimbo, kenako anagawa disiki n'kubwezera zonse ku chigawo chabwinocho. Kompyuta itayamba kuimba, a Shukuru anangoti "Alhamdulillah," kuthokoza Mulungu misozi ili m'maso. Akazi awo anamangira mlendoyo matemba a ku nyanja ya Chiuta ndi makaka a chinangwa, ngakhale iwo eni anali nazo zochepa.

Kuyambira pamenepo a Shukuru ankauza aliyense, mpaka a ku Nkaya, za mayi wa ku Balaka uja, ndipo ntchito inayamba kubwera. Ana a Jamila anafika nthawi yokolola ali athanzi. Mpaka lero mayiyu akamasimba za chaka chimenecho, amayamba ndi kuthokoza banja la ku Nayuchi.