Mwana wanga sanapite ku DEC

Matipate atabwera, zilembo zinachuluka m'dziko muno. Zipani zinali ndi zawo, mabungwe okumba mijigo zawo, ngakhale matenda anali ndi zilembo zawo. Ine wolekezera Sitandade 5 ndinkangozimva pa wailesi n'kupitiriza kusankha nyemba. Zitatu zokha ndi zimene zinalowa m'nyumba mwanga: DEC.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anakhoza mayeso a Sitandade 8 koma sanasankhidwe kupita ku sekondale ya boma. Ana otere ankapita ku DEC, kasukulu koyendera kufupi ndi kwathu ku Chileka, ka mabuku ochepa. Iye ankafunitsitsa. Mnzake wapamtima, mwana wa Asilamu ogulitsa nsalu, anali atayamba kale.

Koma za ana anga ankagamula ndi achimwene anga, kalaliki m'tauni komanso mkulu wa mpingo. Atamva, anavula magalasi.

"DEC? Achemwali, imeneyo si sukulu, ndi podikirira banja. Abwereze, chaka chamawa asankhidwa."

"Atsibweni, ndiyeseko teremu imodzi yokha," anapempha mwanayo atagwada.

"Iwe, zilembo zimenezo ukakazitchula kofunsira ntchito akakuseka."

Masiku amenewo kubwereza sikunali kwachilendo, ana ambiri ankatero podikira kusankhidwa. Ndinapemphera, mtima n'kukhala pansi, poti achimwene ankamufunira zabwino.

Anabwereza, dzina lake silinatuluke. Anabwerezanso. Apa anali atatalika kuposa onse m'kalasimo, ndipo anzake ankamunena kuti, "Anti, lero ana mwasiyira ndani?" Mvula itayamba, anapinda yunifolomu n'kuiika pansi pa thumba la zovala. Pasanapite nthawi anakwatiwa ndi mnyamata wogulitsa tomato ku Lirangwe. Ndi munthu wofatsa, ndipo pa iyeyo ndimathokoza Mulungu mpaka lero.

Kenako chikwangwani cha kasukulu kaja anachipakanso penti n'kulembapo CDSS. Boma linayamba kusankhirako ana. Mnzake uja anapitiriza mpaka anakhala namwino.

Loweruka lina achimwene anafika ali wefuwefu.

"Tsopano ndi sekondale yeniyeni! Tiyeni tikamutenge mwana wathu uja."

Tinakwera minibasi. Tinamupeza pamsika atakhala kuseri kwa milu ya tomato, khanda lili kumbuyo. Anatilonjera mwaulemu, n'kumvetsera zonse osadula mawu.

"Atsibweni, makalasi ake ndi omwe aja?"

"Omwewo."

"Nanga aphunzitsi?"

"Ambiri ndi omwe aja."

Anaseka pang'ono, koma maso anali pansi. "Ndiye nthawi ija bwenzi nditangopita. Pano mwanayu ndimuika m'chikwama cha mabuku?"

Panafika mayi wofuna tomato, mwana wanga n'kutembenukira komweko. Potsanzikana anatiikira tomato m'jumbo, wofiira bwino, wosankha.

M'minibasi achimwene anafukata jumboyo pamiyendo njira yonse. Titayandikira kwathu anati, "Achemwali, tikafika mupemphere ndinu. Ine lero sinditha."