Mkanjo umene unabisa bambo anga

Chaka chatha kunamwalira telala wina wachisilamu amene ankasoka pakhonde la sitolo pa Ntcheu boma. Ine ndinkangodziwa kuti anachokera ku Mozambique, monganso makolo anga. Mayi anga atamva za malirowo analira mokweza, n'kundiuza kuti ndiwaitanire kabaza. Ndinadabwa, chifukwa miyendo inkawavuta moti ngakhale kutchalitchi anali atasiya kupita.

"Amayi, kodi anali m'bale wathu?" ndinawafunsa.

"Mwana wanga, pakanapanda munthu ameneyu, abambo ako sukanawaona," anandiyankha.

Anandifotokozera kuti pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, asilikali ankasaka bambo anga chifukwa ankathawitsa anyamata a mumpingo kuti asatengedwe kunkhondo. Telalayo, amene anali mlendo m'deralo, anawaveka mkanjo ndi chisoti chake n'kuwakhazika mumzikiti pakati pa anthu opemphera. Asilikali atafika anamuloza ndi mfuti pamphumi, koma iye anangoti, "Muno muli Asilamu okhaokha. Uyo ndi mng'ono wanga." Kutacha anawaolotsa malire pamodzi ndi mayi, ine ndili m'mimba.

Ndinakhala pansi. Bambo anga anamwalira osandiuzapo nkhaniyi. Telalayonso ndinkamupatsa mathalauza kuti andisokere kuyambira ndili pasukulu, ndipo ankangondifunsa kuti kunyumba ali bwanji.

Ndinaitana makabaza awiri. Titafika pamaliropo, amayi ovala mipango, abale a telalayo, anawalandira mayi anga powatchula kuti alamu.