Konirodi Yachitatu

Mayi Telala anawaona koyamba a Buluu akali namwali, atasenza chitsulo pamutu. Injini ya pampu ya bambo awo inali itayamba kugogoda, ndipo bambowo, pokhala mwendo unali utatupa, anakwawa n'kukamasula konirodi, naikulunga m'chiguduli, natuma mwana wawo kushopu ya zitsulo ya kuseri kwa siteshoni. Konirodi ndi mkono uja wachitsulo umene umagwira pisitoni kumwamba ndi kilanki kumunsi. Pisitoni ikakankha, mkonowo ndiwo umapukusa kilanki, injini n'kumayenda.

Shopuyo inali yaitali, yamdima, ya zenera limodzi. Pansi panali patamwa oyilo wa zaka zambiri mpaka pochita kumata nsapato. Pavayisi yopanira zitsulo panaima mwamuna wowonda, wa khosi lalitali, zala zake zili buluu mpaka m'mfundo. Moni sanapereke. Anafunyulula chiguduli, nayendetsa chikhadabo m'kati mwa bering'i, chitsulo chofewa cha m'kamwa mwa konirodi, natsonya.

"Mumaidyetsa mchenga injiniyi?"

"Sindiidyetsa ndine. Ine ndangotumidwa."

"Otumidwa amakhala pansi. Benchi ndi iyo, koma pukutanipo kaye, diresi lanulo ndi loyera."

Namwaliyo anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Masiku amenewo bering'i sinkagulidwa m'bokosi. Mwamuna uja anasungunula chitsulo chofewa, choyera mbee, m'chipande chachitsulo, nachithira m'kamwa mwa konirodi. Chitazizira anachiboola pamakina. Kenako anapaka utoto wabuluu pakilanki yoyesera, navekapo konirodiyo, naizunguza pang'ono, naivula. Paliponse pamene utoto unamatirira ankapala ndi kampeni kosulidwa kuchokera ku tupa yakale. Kupaka, kuveka, kuvula, kupala, osatopa, mpaka utotowo unagona mofanana ponseponse. Dzina la Buluu linachokera pamenepo. Sopo ankalephera, ndipo tsiku la ukwati wawo, chaka chotsatira, anasiya chidindo cha chala chabuluu pa velo ya mkwatibwi, ndipo Mayi Telala sanaichape konse.

Anakhala bwino, mwakachetechete. Mkazi ankasoka pakhonde, mwamuna akupala zitsulo, nabereka ana aakazi awiri. Mabering'i a m'bokosi atabwera, tizigoba tiwiritiwiri tongoveka, a Buluu anadandaula kuti tsopano ngakhale wometa tsitsi adzitcha makaniko, komabe ntchito sinawathere. Madalaivala ankabwera ndi konirodi zawo kuti aziyeze ngati zili zowongoka, ndi kuti akonze kukamwa kwake kukakhala kwaphwanyuka. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo tauni yonse inkalidziwa: konirodi yopindika saiwongola.

"Imeneyi ndi ya kudzala," ankatero. "Ndikaiotcha iwongoka, inde, diso likondwa. Koma moto umachifoola chitsulo m'kati. Tsiku lina chidzathyoka osatsanzika."

A Buluu anali ndi mng'ono wawo mmodzi yekha, amene anamulera okha makolo atamwalira. Anali wosiyana nawo monga usana ndi usiku: wonenepa, wankhani, woseka mpaka misozi. Mowa sankaulawa, chifukwa cha zilonda za m'mimba. Anali ndi lole yakale imene ankanyamulira njerwa za sukulu ina imene inkamangidwa kuseri kwa mapiri. Chaka china mvula itachuluka, anaiwolotsa pamtsinje wosefukira, injini inamwa madzi, ndipo konirodi yachitatu inapindika ngati nthochi. Anafunafuna ina m'masitolo onse ndi m'madzala a magalimoto akufa, osaipeza. Ogulitsa anati yatsopano ingafike patatha miyezi inayi. Omanga sukulu anati adikira masabata awiri okha, kenako ntchito aipereka kwa wina.

Tsiku limene anabwera nayo kushopu, Mayi Telala analipo, atabweretsa chakudya cha masana.

"Achimwene, kungoinyambititsa moto pang'ono. Manja anuwa ngakhale mzimbe wothyoka angaulumikize."

"Pita nayo kwa wina."

"Wina ndani? Ndipite kwa aja owotcherera zidebe? Inu ndinu dokotala, enawo ndi opha ng'ombe."

"Ndati ayi. Usandinyengerere ngati mwana."

Mng'onoyo anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. Mawa lake anabweranso, ulendo uno ndi mkazi wake, mayi wamng'ono thupi, wosalankhulalankhula. Mlamuyo sanayang'ane kuti pansi pali oyilo. Anagwada pomwepo ndi chitenje chake chatsopano.

"Alamu, loleyi ndiyo munda wathu. Ikagona miyezi inayi, mwana wanu uja adya chiyani? Ikangofika yatsopanoyo tidzasintha."

A Buluu anayang'ana mlamu wawo, nayang'ana mkazi wawo. Mayi Telala anazolika. Lamlungu masana, shopu ili yotseka, a Buluu anayatsa moto wa gasi, naiotcha konirodi ija mpaka kufiira, naiwongola. Anaiyeza katatu. Inali yowongoka kuposa zinzake zisanu.

Lole inayenda. Yatsopano ija itafika, mng'onoyo anati adzasintha ntchito ikachepa. A Buluu anamukumbutsa kawiri, kachitatu anamukalipira, iye n'kuwagwira paphewa. "Mvetserani mmene ikuimbira, achimwene. Mukufuna ndiitumbule yosadwala?"

Mwezi wachisanu ndi chiwiri chiwongolereni konirodi ija, m'mawa wina, lole ikutsika chitunda chachitali cha kumapiri kuja, injini inaphulika n'kuzima. Injini ya lole yotere ikazima, mpweya wa mabuleki suchedwa kutha. Inakagwera kuphompho pakona yachiwiri. Anafa anthu asanu: mng'ono uja ndi anthu anayi amene anawakweza pamsewu, mwa iwo mayi ndi khanda lake.

Maliro atatha, a Buluu ndi mkazi wawo anapita kubwalo la apolisi kukatenga jekete ndi mapepala a malemu. Chigoba cha lole chinali chitakokeredwa pansi pa mtengo. A Buluu anagwada pambali pa injini. M'nthiti mwake munali chiboo cholowa nkhonya. Anawerenga ndi chala kuchokera kutsogolo: imodzi, ziwiri, zitatu. Chalacho chinaima pachiboo pomwepo.

Wapolisi wolemba anabwera ndi buku lake. "Nkhani yake ndi yachidule, bambo. Tapeza botolo la kachasu kutsogolo, lotsala theka. Mbale wanu anali ataledzera. Zitsulozi zaphwanyika pogwa."

A Buluu anaimirira, natsekula pakamwa. Ndipo Mayi Telala anawakoka mkono wa shati, kamodzi kokha, pang'onopang'ono. Mayiwo anaganiza za ndende, za abale a anthu anayi aja, za ana awo awiri amene anali asanamalize sukulu. A Buluu anatseka pakamwa, nasayina pamene anawalozera.

Chimene chinatsatira Mayi Telala anachiona ndi maso awo chaka ndi chaka. Mlamu uja ankati akafika pampopi, akazi anzake n'kusiya nkhani. Denga lake linagendedwa kawiri. Iye anayesa kunena kuti mwamuna wake sankamwa, kuti botololo linali la wokwera wina, koma anthu ankangomuyankha kuti mkazi ndiye amamaliza kudziwa. Pomaliza nayenso anayamba kukayika. Mwana wawo, amene anali wa zaka zisanu ndi ziwiri, anakula akutchedwa mwana wa chidakwa chopha anthu. Atakula anachotsa chithunzi cha bambo ake pakhoma, nachiika pansi pa bedi chozondotsa. Anapita kumzinda waukulu, ndipo kumanda sanapondeko.

A Buluu anafolera nyumba ya mlamu wawo ndi malata atsopano, namuphunzitsa mwanayo mpaka kumaliza. Anthu ankawatama pamsewu kuti abale otere anatha kale. Akamva zimenezo ankafika kunyumba osafuna kudya.

Ntchito nayo inawatembenukira. Anayamba kukayikira chitsulo chilichonse. Konirodi yabwinobwino ankaiyeza tsiku lathunthu, n'kuikana. Dalaivala wina anawauza kuti, "Madala, inu mukanakhala azamba bwenzi ana onse mukuwabweza m'mimba." Mmodzimmodzi anasiya kubwera. Shopu anaitseka asanakalambe kwenikweni, makina n'kugulidwa ndi anthu a zitsulo zakutha.

Nyengo ya mvula ikafika, ankakhala pakhonde pafupi ndi makina osokera, n'kuyamba.

"Mayi, ndikanene."

"Mukanene kuti adzuke ndani?"

"Mwana uja akudana ndi bambo ake."

"Ndiye mukufuna adane ndi inunso? Atsale ndi yani?"

Mkazi ankangopitiriza kupalasa makina. Mayi Telala ankadziwa kuti mawu awo ali ndi nzeru. Ankadziwanso kuti nzeruzo zikumudya mwamuna wawo ngati chiswe m'phaso. Zinapita choncho zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Chaka chimene adokotala ananena kuti mtima wa a Buluu watupa, miyendo ili ngati mitondo, iwo anadzuka m'mawa wina napempha nsapato zawo zakuda. Sizinalowe. Mayi Telala sanafunse kumene akupita. Anatenga lumo, nang'amba nsapatozo pamwamba, nawaveka, natenga ambulera.

Ulendo wa mphindi makumi awiri anauyenda ola lathunthu. Anapeza mlamu akusankha nyemba m'lichero, tsitsi lonse lili mbuu. Anawapatsa mipando, nawabweretsera madzi.

"Mwayenda pansi ndi miyendo imeneyi, alamu? Mukanangotuma mawu."

"Awa si otuma." A Buluu anapuma kaye, chifuwa chikulira. "Mng'ono wanga sanaledzere. Inathyoka ndi konirodi ija. Ndinaona chiboo chake kupolisi, pa yachitatu penipeni. Injini inazima, mabuleki anatha. Ndinadziwa tsiku lomwelo, ndipo sindinanene."

"Anafuna kunena," anatero Mayi Telala. "Ndinawaletsa ndine."

Mlamuyo anapitiriza kusankha nyemba. Anachotsa kamwala, nakaponya pabwalo. Anachotsanso kena.

"Ija ndinagwadira ine?"

"Wootcha ndinali ine, mlamu. Ndinkadziwa, inu simunkadziwa."

"Koma munali mutakana. Munakana kawiri." Anaika lichero pansi. Mawu ake sanakwere. "Zaka zonsezi ndimagona ndikudziwa kuti anadzipha yekha ndi botolo. Zinali zowawa, koma ndinazizolowera. Lero mwabwera kudzatula, kuti inu mupite mopepuka. Nanga ine ndikatule kwa yani? Khanda lija ndikalipepese kuti?"

Nkhuku inabwera kudzatola nyemba imene inagwa, ndipo palibe anaiingitsa.

Patapita nthawi mlamuyo analowa m'nyumba, natuluka ndi foni yokulungidwa m'kansalu. Anaidina, naimvetsera ikuitana, naiika m'dzanja la a Buluu.

"Ine zanga ndamva. Mwana wanu uyu ndiye mwini bambo. Mumuuze nokha, kuyambira pamtsinje paja, osadumpha. Za kugwada kwanganso munene."

Foni inawalemera a Buluu, dzanja linkagwa. Mayi Telala anasendeza mpando, nawagwirira chigongono kuti ifike kukhutu. Kutali, pakati pa phokoso la magalimoto, mawu a munthu wamkulu anayankha.

"Amayi? Ndili kuntchito, kwagwanji?"

"Si amayi ako," anatero a Buluu. "Ndine bambo ako aakulu. Pempha akulole utuluke panja, upeze pokhala."